Chala cha pakona pa vidiyo

Chaka chimene malasha anapengetsa anthu, aliyense wa miyendo iwiri ankathamangira ku mgodi. Bambo a mwana wanga nawonso anapita. Ine ndinatsala ku Matundo ndi khanda la miyezi isanu ndi kaselula ka galasi laling'ono ngati bokosi la machesi. Ankandiimbira tsiku lililonse masana. Ndiye Lachiwiri sanaimbe, Lachitatu sanaimbe, ndikaimba ine, selula yawo yotseka.

Lachinayi m'mawa ndili pa mpopi, komadre wanga, mayi mnzanga wa nyumba yoyandikana, anandikokera pambali. Anati kukuyenda vidiyo ya ngozi ya ku mgodi, munthu amunyamula pa thabwa, wavala zalalanje. Amuna onse kumeneko amavala zalalanje, ndinkadziwa, koma ndinasiya ndowa pomwepo n'kumupempha vidiyoyo.

Ananditumizira. Selula yanga inangotulutsa mawu, anthu akukuwa, injini ikulira, galasi lili bii. Tinaonera pa ya komadre. Munthu wa pa thabwayo anali wamfupi, wotupa ngati thumba la kachewere. Komadre anati ndisade nkhawa, wanga ndi woonda. Ndisanapume n'komwe, mayi wina wogulitsa kabichi, wa ku Tsangano, anaitsegula pa yake. Pamenepo munthu yemwe uja anali wamtali, woonda ngati bango. Mayiyo anayamba kulira kuti ndi amuna ake, chonsecho amuna akewo anali atakhala pomwepo akudya chinangwa. Pa selula yachitatu munthuyo analibe mutu, unathera kunja kwa galasi. Amayi a pa mpopi anagwirizana kuti ngozi zinachitika zitatu.

Ndinabereka mwana, kukwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, kuwoloka mlatho. Pafupi ndi msika panali bambo wina wachikulire, wobwerera kuchoka ku Malawi, amene ankaikira anthu nyimbo m'maselula. Vidiyo yeniyeniyo anali nayo mu kompyuta, koma kompyutayo anaitembenuzira ku khoma. Ndinawapempha kuti ndingosuzumira. Anakana, amvekere akaonetsa mmodzi msika wonse ulowa m'baraka, m'kasitolo kawo kaja, aliyense azionera pa selula yake.

Ndiye anandifotokozera, pang'onopang'ono. Anati selula iliyonse ili ndi perefili yake, ngati khadi la mwana la kusikelo: kutalika kwa galasi, kupingasa kwake, zimene imatha kumeza ndi zimene imalavula. Ukaipatsa vidiyo yosokedwera selula ina, imanenepetsa anthu, kapena kuwakoka, kapena kungokhala chete ngati yangayo. Anali ndi kope lodzaza ndi maperefili. Anandifunsa dzina la selula yanga. Dzinalo linali litafufutika kalekale, mwana ankaiyamwa.

Anatulutsa tepi ya telala n'kuyamba kuyeza. Anayeza m'litali, analemba. Anayeza m'lifupi, mwana anagwira tepi, anayambiranso. Anachotsa batire, ananunkhiza, sindikudziwa chifukwa chake. Ine ndikungoyang'ana msana wa kompyuta uja, ndikuganiza kuti amuna anga agona m'menemo ayang'ana khoma.

Kenako anafunsa, "Mayi, ndidule m'mbali kuti munthu akule, kapena ndisiye zonse akhale wamng'ono? Anzanu onse akuti ndidule."

Munthu wavulala kale, wina wam'chotsa mutu ku Matundo, ndiye adulidwenso?

"Musadule kanthu, bambo. Ngakhale kachikhadabo."

Anapukusa mutu, anati sindiona nkhope. Ndipo zoona, vidiyo itatseguka pa selula yanga, munthu wa pa thabwa anali ngati kanjere ka mpunga, pamwamba ndi pansi pali mdima. Ndinaisendeza pa diso, ndinaitalikitsa, palibe. Ndinayamba kulira kuti ndasankha molakwa, adule basi.

Ndikupukuta galasi ndi nsonga ya kapulana, chitenje changa, ndinaona chinthu chofiirira pakona, chachikulu kuposa anthu onse a m'vidiyomo. Ndinayesa dothi, ndinapukutanso, sichinachoke. Chinali chala chachikulu cha munthu wojambulayo, chatsekereza kamera. Chikhadabo chake chong'ambika pakati, mbali imodzi yakuda. Chikhadabo chimenecho chinapanidwa ndi chitseko cha shapa tikuchokera ku Angonia, ndinachimanga ndine ndi kansalu. Ndipo zithunzi zonse za mwana wathu zili ndi chala chomwecho pakona.

Ndinauza bambo aja kuti awa ndi amuna anga. Anayang'ana kanjere kampunga kaja n'kuyamba kundipepesa. Ndinati ayi, awa, chalachi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anatsegula kope lawo, pa perefili ya selula yopanda dzina analembapo kuti osadula.

Bambo a mwana anabwera Loweruka. Kapitawo anali atawalanda selula chifukwa chojambula pa ntchito. Wovulalayo anathyoka mwendo, anali ku chipatala, ndipo anati ndi munthu wa msinkhu wapakatikati, wosanenepa, wosaonda. Anadabwa kuona kuti sindikuwayang'ana kumaso, ndangogwira dzanja lawo. Anafunsa ngati ndakwiya. Ndinati atenge selula yanga amujambule mwana, ndipo agwire mmene amagwirira nthawi zonse.