Mchere Wosambitsa Nsomba

Ku Pembamoyo kuli mkulu wina woweta nsomba m'damu. Kale ankasamala nsomba za m'madzi amchere m'bokosi lagalasi kwa mzungu ku Ndola. Amakonda kunena kuti, "Nsomba ikamadzikhula pamwala, ili ndi nsabwe."

Chaka chino mchere wasowa m'masitolo. Mwana wawo Eneya, wamalonda wa panjinga, anaufolera masiku awiri ku Chipata, n'kuwabweretsera akuluwo makilo atatu. Iwo anaukhuthulira wonse mumgolo wamadzi, n'kuyamba kuviikamo nsomba zodwala.

Eneya anagwira pakamwa. "Atate, mwatani! Nanga amayi athira chiyani m'ndiwo?"

"Khala chete, uone."

Tizilombo tinayamba kuyoyoka m'mamba mwa nsombazo. Pa nsomba makumi anayi inafa imodzi yokha, ndipo imeneyo ndiyo amayi anaphika tsikulo, yopanda mchere.