Miyala Imene Alamu Anachotsa

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anafika ku Cape Town m'zaka zija za chilala, pamene tinkasamba madzi a m'kandowa n'kuwasunganso kuti tikathire kuchimbudzi. Anadzakhala nafe m'kachipinda kathu ku Mfuleni, akugona kuseri kwa katani. Kumudzi anali akabaza. Anapalasa njinga zaka zambiri pa msewu wafumbi wopita kuchipatala, mpaka bondo linayamba kuwavuta. Anasiya mkazi ndi ana kuti adzapeze ntchito yosafuna kupalasa, ndipo ndine ndinawapezera malo kumene ndinkagwira.

Ntchito yakeyo inali yovuta kuifotokoza pa foni. Kuseri kwa mapiri kuli chigwa cha minda ya mphesa, mtsinje ukudutsa pakati. Mwini munda wina anatsegula tinjira ta njinga m'phiri mwake, ndipo anthu a m'tauni ankabwera Loweruka ndi Lamulungu, njinga atazimangirira kumbuyo kwa galimoto. Sankapita kulikonse. Ankakwera phiri, n'kutsika, n'kukweranso. Ife tinali okonza tinjirato ndi khasu, piki ndi wilibala. Pikapu inkatitenga Lolemba m'mawa, tinkagona m'kanyumba ka antchito pamundapo, n'kubwerera Loweruka masana.

Tsiku loyamba alamu anaima nthawi yaitali akuyang'ana njinga ina itatsamira pa mtengo wa bulugama.

"Alamu, keliyala yake ili kuti?" anandifunsa.

"Ilibe."

"Nanga katundu amaika pati?"

"Sanyamula kanthu. Amangodzinyamula okha."

Anagwira tayala, nalifinya ndi chala chachikulu, napukusa mutu. "Matayala ngati a thirakitala, koma ngakhale thumba la mchere osanyamula. Ambuye atichitire chifundo."

Ankagwira ntchito bwino kuposa ine. Bwana, mzungu woyang'anira mundawo, anaona zimenezi sabata yoyamba yomwe, nandiuza kuti ndabweretsa munthu. Ndinakondwera ngati ndine ndayamikiridwa. Madzulo tinkapemphera limodzi m'kanyumba kaja. Ine ndinkawerenga Mawu, pakuti kumpingo kwathu ku Mfuleni ndinkalalikira m'busa akachokapo, ndipo alamu ankayambitsa nyimbo.

Panali malo amodzi pamene njira inkatsetsereka kulowera kumtsinje. Pamenepo bwana anatiuza kuti tiikepo miyala dala, ikuluikulu, ina yosongoka, yotsatizana ngati mano. Ndinaiika ndine alamu asanabwere. Opalasa ankawakonda malowo koposa, ndipo ankaima m'munsi kujambulana. Alamu atawaona koyamba anafunsa kuti miyalayo tidzaichotsa liti. Ndinangoseka n'kunena kuti, "Isiyeni, ndi mmene amafunira." Sindinafotokoze zambiri. Ndikuganiza kuti ndinkachita manyazi kuuza munthu wamkulu kuti ine, mlaliki, ndinatha masiku ndikuika zopunthwitsa m'njira ya anthu.

Kwathu mwala sauona m'njira n'kuudumpha. Umawerama n'kuuponya kumbali, chifukwa amene akubwera m'mbuyo mwako mwina wasenza mtolo ndipo sakuona pansi. Akabaza ndiye amachita kuposa. Alamu ankandiuza kuti mvula ikatha ankasonkhana ndi anzawo kulambula msewu wa kuchipatala, popanda wowatuma, chifukwa aliyense wa iwo ananyamulapo mayi woyembekezera pa keliyala.

Loweruka lina m'mawa tikukonza ngalande pafupi ndi malowo, tinamva kugunda kenako kubuula. Bambo wina waimvi anagwa pa miyala ija. Alamu ndiwo anafika msanga. Anamuvula chipewa cholimba chija, namukhazika tsonga, ndipo atagwira paphewa anapeza fupa lathyoka, likutukula khungu. Anamanga mkonowo ndi malaya awo. Tinatsika naye pang'onopang'ono mpaka pamsewu, iye akuseka uku akulira, akunena kuti wapalamula yekha. Alamu sanaseke.

Masana amenewo ine ndinakwera pikapu kubwerera ku Mfuleni, chifukwa mawa lake ndinali wolalikira. Alamu anatsala. Inali sabata yawo yothirira timitengo ta bwana.

Lolemba anandichingamira pa geti, nkhope ikuwala. "Tiyeni mukaone," anatero. Tinatsikira kumtsinje. Njira inali yoyera ngati bwalo la tchalitchi pa tsiku la ukwati. Miyala yonse yapakati anaifukula ndi chitsulo, naigubuduzira m'mbali, naindanda bwinobwino. Maenje anakwirira ndi dothi, napondaponda, nasesa ndi nthambi. M'manja mwawo munali matuza okhaokha.

"Ndinamaliza Loweruka dzuwa lisanalowe," anatero. "Lamulungu sindinagwire, musade nkhawa."

Ndisanapeze chonena tinamva galimoto ya bwana. Opalasa a Lamulungu anali atamuimbira kale foni kudandaula, ndipo kumapeto kwa sabata yomweyo kunali mpikisano. Bwana anatsika, nayang'ana njira, nagwira mutu ndi manja onse awiri. Anayankhula Chiafrikaans chimene sindidzachibwereza. Kenako mtima utatsika anatembenukira kwa ine, poti alamu Chingerezi sankachimva bwino.

Bwanayo sanali munthu woipa. Anati ndiwauze kuti akudziwa kuti sanachite mwa njiru. Abwezeretse mwala uliwonse pamalo pake Lachisanu lisanafike, nkhani ithere pomwepo.

Ndinawauza. Alamu anayang'ana miyala, nayang'ana ine.

"Ndibwezere mwala umene wathyola munthu?"

"Alamu, anthuwa amafuna okha. Amalipira kuti adutse pamenepa."

"Mwana akalirira mpeni mumamupatsa?"

"Si ana awa. Bambo uja ndi wamkulu kuposa inu."

"Ndiye fupa lake silipola msanga. Ndinaligwira ndi dzanja ili." Anatambasula dzanja lamatuza lija. "Inu nomwe simunatiwerengere m'kanyumbamo za munthu woika chokhumudwitsa pamaso pa mbale wake? Kapena Mawu amenewo amathera pa geti?"

"Ganizirani ana kumudzi," ndinatero motsitsa mawu. "Ganizirani bondo lanu. Mukufuna kubwerera ku kabaza?"

Anayang'ana kumtsinje. Mtsinje unali utatsala pang'ono kuuma, madzi ankangoyenda m'kamzere pakati pa mchenga.

"Ngalande ndikumba," anatero. "Udzu ndidula, timitengo ndithirira. Koma apa ayi."

Bwana anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamuuza. Anapumira m'mwamba, naganiza, kenako anati chabwino, miyalayo ibwezeretsedwe ndi wina. Iwo angolonjeza chinthu chimodzi, kuti sadzakhudzanso mwala uliwonse m'njira zake. Sangasunge munthu amene adzadzuke tsiku lina n'kusalaza phiri lonse.

Ndinamasulira mosamala, ndikuwachonderera ndi maso. Alamu anayankha mofatsa, ngati akukana tiyi.

"Ndikaona wina wathyokanso, sindikudziwa chimene manja anga adzachite. Ndisalonjeze bodza."

Bwana anandiyang'ana, kudikira. Sankamva Chichewa ngakhale liwu limodzi. Ndikanati "avomera", akanakwera galimoto n'kumapita, ndipo mwina alamu akanazolowera ngati mmene ndinazolowerera ine. Ndinaganiza zimenezi, sindikana. Koma lilime lomwelo linali litalalikira dzulo lake kuti inde wathu akhale inde. Ndinanena zimene ananena, liwu ndi liwu.

Ntchito ya alamu inathera pomwepo, ndipo anachoka tsiku lomwelo pa pikapu yopita kutauni. Bwana anawagwira chanza, ndipo iwo anamuthokoza chifukwa cha masiku amene anawasunga.

Miyala ndinaibwezera ndine. Sipanafunike wondiuza kuti uwu unali pati, ndinkaidziwa yonse. Ndinafukula dothi limene alamu anapondaponda, ndipo m'malo ena zidindo za nsapato zawo zinali zikuonekabe. Wosongoka uja, umene unagwetsa bambo waimvi, ndinaukhazika pomalizira. Ndinayesa kuupendeketsa pang'ono kuti msonga isayang'ane kumwamba, koma bwana atabwera kudzaona anati ndiuwongole. Ndinauwongola. Ndinayesa kupemphera ndikugwira ntchitoyo, koma sindinadziwe choti ndipemphe. Kodi munthu angapemphe dalitso pa mwala wotero? Pa tsiku la mpikisano anthu anaima m'mbali mwa malowo akukuwa ndi chimwemwe, ndipo bwana anandimenya paphewa n'kunena kuti pakoma kuposa kale.

Alamu anayesa kwina. M'mawa uliwonse ankakaima m'mbali mwa msewu ndi anyamata odikira maganyu, koma magalimoto ankatenga amene amatha kuthamanga n'kudumphira kumbuyo. Bondo silinkawalola. Loweruka ndikafika ndinkawapeza atakhala panja pa kachipinda kathu akukonza njinga za ana a anthu oyandikana nafe, osalandira kanthu. Sanandinenepo mawu oipa. Mkazi wanga ankangondiikira chakudya n'kutuluka. Lamulungu alamu ankakhala pa benchi yachiwiri, ine ndikulalikira, ndipo ndikafika pa mawu ovuta ndinkamva "Ameni" wawo. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Ndinafunsapo mkulu wina wa mpingo. Anandiuza kuti sindinachimwe: ndinanena zoona, ndinamvera bwana, ndipo anthu aja amasankha okha. Zonsezo ndimazivomera ndi mutu. Koma mtima umandifunsabe chifukwa chimene sindinakhale nawo pansi tsiku loyamba lija, pamene anafunsa za miyalayo, m'malo moseka. Umandifunsanso kuti pa anthu awiri amene ankapemphera m'kanyumba kaja, ndani anamva zimene zinkawerengedwa.

Mvula ya dzinja la kuno itayamba, alamu anaganiza zobwerera kumudzi. Njinga yawo yakale inali ikadalipo, anatero, ingofunika matayala. Tinawaperekeza kokwerera basi, chikwama chawo chili chopepuka ngati mmene chinabwerera. Mkazi wanga anapita kukawagulira buledi wa paulendo, tinatsala awiri.

"Alamu, mundikhululukire," ndinatero.

"Pa chiyani? Mukananama bwenzi ndikukukhululukirani." Anaseka pang'ono, kenako anandigwira pamkono. "Koma tamverani. Wina akagwanso pamene paja, musamukoke dzanja pomudzutsa. Muyambe mwamukhazika tsonga, mkono muumange pachifuwa. Muziyenda ndi nsalu m'thumba."

Mkazi wanga anali atafika ndi buledi, ndipo mawu omalizawo anawamva. Basi itanyamuka tinabwerera ku Mfuleni. Usiku mkazi wanga anang'amba chitenje chake chakale pakati, napinda mbali imodzi, naiika pamwamba pa nsapato zanga za kuntchito. Lolemba m'mawa ndinaiika m'thumba la ovololo, ndipo pikapu inabwera pa nthawi yake.