Nkhono za Malemu Albert

Wina ayerekeze kunena kuti Fumbani ndi wosasamala, aone chimene ndimuchite. Ndakhala naye nyumba imodzi ku Erdington, kuno kwa azungu, zaka ziwiri, ndikumudziwa. Kwathu anali mphunzitsi ku Ntchisi. Kuno anabwera kudzasambitsa nkhalamba, ngati tonsefe.

Pa nkhalamba zakezo panali a Albert, mdala amene unyamata wawo wonse unathera m'sitima zapamadzi. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi ya madzi amchere, momwe ankawetamo nkhono ndi makorali, timiyala tamoyo ta m'nyanja zikuluzikulu. Atatsala pang'ono kutisiya anamugwira Fumbani dzanja nati, "Izi zisafe." Maliro atatha, mwana wawo Sophie anabweretsa yekha thankiyo kwathu.

Fumbani anaiika kuchipinda kwake. Amaweruka kushifiti miyendo itatupa, koma amayamba wapukuta galasilo asanavule nsapato.

Ndiye kunabwera Disembala. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa inu. Fumbani anati, "Achimwene, izi zinachokera kotentha, zitifera." Anamata mawindo ndi tepi, kabowo kolowera mpweya anatseka ndi sokosi, pansi pa chitseko anaikapo thaulo. Tepiyo ndinkamudulira ndine, chitsiru ine! Anzathu awiri amene ntchito inawathera ankagonanso momwemo, poti Fumbani sadziwa kukaniza munthu.

Pofika Malichi makorali anali atayera mbuu, zigoba za nkhono zitapyapyala, m'mphepete mukunyenyeka. Tinatunga madziwo m'botolo n'kupita nawo kushopu yogulitsa nsomba zoweta. Mayi wa pamenepo atayeza anati madziwo achuluka asidi. Akuti mpweya umene timatulutsa popuma ukasowa kothawira umalowa m'madzi, ndiye nkhono imalephera kumanga chigoba. Akuti ngakhale nyanja zenizenizo zikudwala nthenda yomweyi, chifukwa cha utsi wa magalimoto ndi mafakitale.

Ine mtima phwii! "Ndiye munthu walakwa kupuma?" ndinakuwa, shopu yonse kutembenuka.

Fumbani anangondikoka malaya. "Tiyeni, achimwene."

Titafika anamatula tepi yense n'kutsegula windo, mvula ikulowa mpaka pabedi. Nkhono imodzi yokha ndiyo inali kukwawabe pagalasi. Inafa Lachinayi.

Fumbani anachita kumuimbira yekha foni Sophie. Ine ndinali kukhitchini, ndinamumva akupepesa kasanu konse. Ine wa pakamwa ponseponse ndinangoima, ketulo ili m'manja.