Mayi Laimu ndi Chipatala Chakale cha Azimayi

Mayi Laimu akalowa m'nyumba ya munthu, eni nyumba amayamba kuchita manyazi ndi makoma awo. Moni amapereka ndithu, koma maso amakhala ali pakona ya denga, ndipo asanamalize kapu ya tiyi amakhala atanena kale kuti, "Paipi ya kubafa kwanu ikudontha mkati mwa khomali." Ukagumula pang'ono, madziwo umawapezadi.

Ntchito yawo ndi yojambula mapulani a nyumba, koma za nyumba zatsopano anasiya kalekale. Iwo ndi a nyumba zakale, zija anthu amati zatha ntchito. Amazipima, kupeza chimene chikuziwononga, n'kuzikonza osasintha maonekedwe ake. Dzina la Laimu anawapatsa ndi amisiri omanga, chifukwa pakhoma lakale salola thumba la simenti kuyandikira. Amati laimu wosakaniza ndi mchenga amalola chinyezi kutuluka m'njerwa, pamene simenti amachitsekera mkati mpaka njerwazo zisanduke ufa.

Bambo awo anali okonza mawotchi. Tebulo lawo linali pakhonde la sitolo ina yakale ya zipilala zonenepa, ndipo Mayi Laimu ali mtsikana ankalembera homuweki pomwepo, msana utatsamira chipilala chozizira. Ali kusekondale, sitoloyo inagwetsedwa. Panamangidwa chinyumba chagalasi chopanda khonde, ndipo bambo aja anathera pansi pa ambulera m'mbali mwa msewu, fumbi likulowa m'mawotchi a anthu. Ukawafunsa ngati zimenezi n'zimene zinawasankhira ntchito, amangoti, "Ayi, masamu ndi kujambula zinkandiyendera basi." Atamaliza kuyunivesite anagwira zaka zingapo pakampani ina, kujambula nyumba zagalasi zomwezo. Tsiku lina kunabwera ntchito yokonza denga la khoti lakale, anzawo onse n'kuizemba chifukwa cha mileme. Iwo anakwera m'dengamo, naona mmene amisiri akale analumikizira mitanda popanda msomali, ndipo potsika anali atasintha maganizo. Pasanapite nthawi anasamukira ku ofesi yoteteza nyumba zakale, kachipinda ka matebulo awiri ndi fani yosazungulira.

Nkhani imene anthu amawakumbukira nayo kwambiri ndi ya chipatala chakale cha azimayi oyembekezera. Chinatsekedwa atamanga chatsopano, ndipo chinakhala zaka zambiri chopanda mwini. Kutsogolo kunali mng'alu wochokera pazenera mpaka pansi, woti dzanja la munthu n'kulowamo. Khonsolo inaganiza zochigwetsa kuti pakhale depoti ya mabasi, ndipo ntchito yogwetsayo inapita kwa mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, mwini makina ogumulira nyumba.

Lamlungu masana mlamuyo anabwera kudzacheza, nkhope ili mwee.

"Alamu, ndamva mwapata ntchito," anatero Mayi Laimu akuthira tiyi.

"Ndapata, alamu. Chipatala chanu chija ndichigoneka chipumule. Chatopa."

"Paja munabadwira momwemo inu."

"N'chifukwa chake ndikuchimvera chisoni. Ine mawondo ayamba kale kulira, nanga icho?"

Onse awiri anayang'ana kwa bambo a panyumbapo. Iwo anakweza nyuzipepala kubisa nkhope. "Ine ndimaphunzitsa jogalafe. Za makoma musandilowetsemo."

Ofesi ya Mayi Laimu inali ndi mphamvu yoimitsa kugwetsa nyumba yakale mpaka itapimidwa, ndipo mmawa wa Lolemba anakaigwiritsa ntchito. Wapampando wa khonsolo, munthu waulemu koma wachangu, anawafunsa kuti akufuna nthawi yaitali bwanji.

"Dzinja limodzi. Khoma silinama kukagwa mvula."

"Nanga likagwera munthu m'dzinjamo?"

"Ndikaona choopsa mudzamva kwa ine tsiku lomwelo."

Anayamba ndi kutsogolo kuja. Atagoba pulasitala anapeza zimene ankayembekezera: wina, zaka zapitazo, anapaka simenti pamwamba pa njerwa zakale. Njerwa zakunja zinali zonyowa ngati sopo wa kubafa, koma mkati khoma linali gwa. Atakumba m'munsi anapeza paipi ya madzi a padenga itasweka, ikuthira madzi onse a mvula m'maziko. Anaikonza msanga. Kenako anatenga tizidutswa ta galasi n'kutimata mopingasa pa mng'alu uliwonse m'chipatala chonse. Khoma likasuntha, ngakhale pang'ono chabe, galasilo limasweka. Likapanda kusweka, ndiye kuti mng'aluwo ndi chipsera chakale.

Nthawi imeneyi Mayi Laimu anali ndi gulu kumbuyo kwawo: azimayi a mumsika ndi anamwino opuma pantchito, motsogoleredwa ndi mzamba wamkulu wakale amene aliyense ankangomutchula kuti Sisitala. Gululi mtima wake unali pa wodi yakumbuyo, chipinda chachitali cha mazenera ozungulira pamwamba, mmene dzuwa la mmawa linkagwera pamabedi. Theka la tauniyo linalirira koyamba mmenemo. Mayi Laimu nawonso mwana wawo woyamba anachirira momwemo, ndipo amene anamulandira anali Sisitala yemweyo.

Mvula inabwera yamphamvu. Magalasi a kutsogolo anakhala momwe anawaikira. Koma mu wodi yakumbuyo anasweka. Mayi Laimu anamata ena, akudziuza kuti mwina ndi ana oponya miyala. Nawonso anasweka. Anaitana injiniya, nakumba limodzi m'mbali mwa khomalo, ndipo anapeza kuti mbali imeneyo inamangidwa pa dothi lothira, lofewa ngati phala. Anakwera m'denga, nabaya mtanda ndi sikuludilaiva, n'kulowa yonse mpaka chigwiriro. Chiswe chinali chitadya mkati monse, kusiya khungu lokha.

"Tingathe kuipulumutsa?" anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Mukasintha maziko, makoma ndi denga, mayi," anatero injiniyayo, "chakale chotsala chidzakhala chiyani?"

Injiniya atapita, iwo anakhala pazenera la wodiyo masana onse, akuyang'ana pamene panali bedi lawo. Dzuwa litapendeka anadzuka, nasasa fumbi pasiketi, n'kulunjika kwa wapampando monga analonjezera.

Msonkhano wa khonsolo unadzaza mpaka pakhomo. Mayi Laimu anaimirira opanda pepala m'manja.

"Mbali yakutsogolo ndi yolimba. Tikaichotsa simenti n'kuibwezera laimu, idzaona zidzukulu za zidzukulu zanu."

Azimayi anaomba m'manja, wina mpaka kuimba nthungululu. Iwo anadikira kuti phokoso lithe.

"Koma wodi yakumbuyo igwetsedwe. Ndipo mawa lomwe pakhale mpanda, munthu asayandikire khoma limenelo."

Sisitala anadzuka pang'onopang'ono, atagwira mpando wa kutsogolo.

"Mwana wanga, ife takhala tikukuimirani kumbuyo chifukwa cha wodi imeneyo. Lero ndinu amene mukuipereka?"

"Amayi, inu mukaona kuti mimba ili pangozi munkanena, ngakhale mwini wake alire bwanji. Munandiuzapo inenso. Khomalo likuyenda. Sindinganene kuti laima chifukwa choti ndimalikonda."

Kumbuyo kunamveka mawu a bambo wina: "Nanga si mukufuna alamu anu adyepo!"

Mayi Laimu anatembenuka. "Alamu anga ankapemphera kuti ndilephere, agwetse chonse ndi makina asanadye n'chakudya chamasana chomwe. Tsopano makinawo akhala kunyumba. Agumula ndi manja, njerwa imodziimodzi, chifukwa njerwazo ndikuzifuna kutsogolo. Mazenera atuluke athunthu."

Mlamu uja, amene anakhala pafupi ndi chitseko, anagwira mutu ndi manja onse awiri, anthu n'kuseka. Wapampando anaona kuti aliyense wapezapo kake: chipatala chitsala, mabasi aima kumbuyo pamalo a wodiyo. Anavomera.

Koma kuseka kwa mumsonkhano sikunafike kumsika. Azimayi aja anasiya kuwayankha moni. Amene ankawagulitsa tomato kwa zaka zambiri anayamba kunena kuti watha, mulu uli poonekera. Ogulitsa nthochi, amene ankakhala pamthunzi wa khoma lakumbuyo lija, anawatukwana chifukwa cha mpanda umene unawathamangitsira padzuwa. Amuna awo anawafunsa ngati sakanatha kufewetsa mawu pang'ono.

"Ndikanafewetsa mawu, mpandawo akanaudumpha," anayankha. Tomato anayamba kukagula kumsika wina.

Anyamata a mlamu uja anayamba ndi kuchotsa mazenera. Asanamalize, kunagwa mvula ya tsiku lonse. Mmawa wake, anthu akupita kuntchito, khoma lakumbuyo linangoti khuu, lonse, kugwera panja. Fumbi linafika mpaka pamsewu.

Mayi Laimu anafika akuthamanga, nsapato imodzi yosamanga. Anaitana wantchito aliyense, nafunsa alonda, nazungulira mpanda wonse. Panalibe wovulala. Njerwa zinali mulu pamalo pomwe ogulitsa nthochi ankakhala. Pansi pa muluwo pankaoneka matayala a galimoto ya mlamu wawo, imene anaiimika mkati mwa mpanda kuthawa matope, ngakhale anali atauzidwa kuti asatero.

Mlamuyo anaima chapatali, manja ali m'chiuno.

"Alamu, galimoto mwaimika pamthunzi wabwino," anatero Mayi Laimu.

"Musayambe, alamu. Chonde musayambe."

Mayi Laimu anakhala pa wilibala. Posakhalitsa Sisitala anafika ndi ndodo yawo. Anayang'ana muluwo, nayang'ana azimayi a nthochi amene anaima kuseri kwa mpanda atagwira pakamwa. Sananene zopepesa, ndipo Mayi Laimu sanaziyembekezere.

"Mazenera anga aja?"

"Awiri aphwanyika, amayi. Enawo ali mosungira katundu, osathetheka n'komwe."

"Ndiye musawasunge mumdima. Aikeni poti anthu aziwaona."

Anawaikadi pakhoma la chipinda chodikiriramo mabasi, chimene Mayi Laimu anachijambula ndi njerwa zotsala.

Kukonza mbali yakutsogolo kunatenga nthawi yoposa chaka. Laimu sauma msanga. Amapakidwa pang'onopang'ono, n'kuphimbidwa ndi masaka onyowa, ndipo amisiri ozolowera simenti ankadandaula kuti akulera khoma ngati khanda. Mmodzi anayesa kuthiramo simenti pang'ono mobisa. Mayi Laimu anaona mtundu wake ali pageti, n'kulamula kuti agobe zonse. Wapampando ankaimba foni mlungu uliwonse kufunsa tsiku lotsegulira, iwo n'kumayankha kuti, "Likauma." Litauma, zipinda za kumanja zinakhala sikelo ya ana, za kumanzere laibulale. Mng'alu uja ukauyang'anitsitsa umaoneka, chifukwa anakana kuubisa ndi penti.

Si nyumba zonse zimene anapulumutsa. Holo yakale yoonetsera mafilimu inagwetsedwa iwo ali kumaliro a bambo awo, ndipo mpaka lero sadutsa msewu umenewo. Ena amawatcha ouma mutu, ndipo iwo satsutsa. Imvi zayamba, makwerero amakwerabe, koma masiku ano amayamba afunsa ngati pansi pali munthu wogwirira.

Mwezi wathawu foni yawo inalira ali pakati pophunzitsa amisiri kasakanizidwe ka laimu. Anali mlamu uja.

"Alamu, andipatsa nkhokwe yakale ya katundu ya kusiteshoni kuti ndigwetse. Makina ndafika nawo, koma ndalowa mkati. Denga lakeli, alamu... mitanda yake sindinaonepo. Tabwerani mudzaone kaye ndisanachite tchimo."

"Zimitsani injini."

"Ndazimitsa kale. Koma fulumirani, woyendetsa makina akundiyang'ana ngati ndapenga."

Mayi Laimu anapatsira fosholo mmisiri wamkulu, namuuza kuti mchenga achepetseko, n'kupita kukasamba m'manja.