Galu wa a Matayala

Anthu ankangowatchula kuti a Matayala, poti moyo wawo wonse unathera pomata machubu m'mbali mwa msewu. Anakulira kwa azakhali awo, m'nyumba ya ana ambirimbiri, momwe wochedwa kutafuna ankagona ndi njala. Chizolowezi cha kumeneko sichinawachoke. Mpaka imvi mbuu, ankadya atatchinga mbale ndi mkono, maso ali uku ndi uku.

Galu wawo anamutola kudzala, nthiti zili pamtunda. Maso a nkhalambayo atayamba kuchita chidima, mwana wawo wamwamuna anawatenga, iwo ndi galu yemwe. Kunyumbako chakudya chinali mbwee, koma galuyo akapatsidwa fupa ankathamangira nalo kuseri kwa bafa, n'kulikwirira, n'kugonapo. Mpongozi wawo ankadandaula za maenje tsiku ndi tsiku. A Matayala ankangoseka chamumtima, poti nawonso m'thumba la jekete simunkasowa buledi wouma.

Loweruka lina kamdzukulu kawo, kamtsikana kosachoka pamiyendo pawo, kanafukula fupa posewera. Galu anakaluma padzanja. Bala silinali lalikulu, koma kholo likaona magazi a mwana silimvanso za munthu.

"Galuyu achoke lero," anatero mwana wawo atabwerako kuchipatala.

"Si nkhanza ayi, mwanawe," anachonderera a Matayala. "Galu amene anagonapo ndi njala sakhulupirira kuti mawa adzadya. Ngakhale makolo ake kutchire ankakwirira chotsala kuopa anzawo. Wakhuta, inde, koma mantha adakali pomwepo."

"Pano amadya kawiri patsiku, bambo. Akusowa chiyani?"

Funsolo linawalasa a Matayala ngati kuti likunena za iwowo.

Chakumadzulo kunabwera munthu wina wa kufamu ndi chingwe kudzatenga galu uja. Galuyo sanavute, anangocheuka pageti n'kuwayang'ana a Matayala. Mtima unawapweteka kwambiri, koma anadzitonthoza kuti bola nkhani yathera pomwepo, kamwanako kachira.

Mpongozi uja anawapeza pakhonde. Analankhula mwaulemu, maso ali pansi.

"Bambo, musandimve molakwa. Kuyambira lero chakudya ndizikubweretserani kuchipinda, mwanayu azidya ndi ife. Dzana atatola nyama m'mbale mwanu, ndinaona mmene munamufinyira dzanja."

Iwo sanatsutse. Ankakumbukira bwinobwino kuti kamwanako kanalira, ndipo nyamayo anaidya okha.