Utsi wa Kumtaya

Dzulo mdzukulu wanga anatentha zinyalala, fungo lake n'kundikumbutsa kumtaya, kumene malole a mumzinda ankakhuthula zonyansa, panjira yopita kwathu ku Nathenje. Tinkatolako zitini zopangira nyali za koloboyi. Utsi unkatuluka pansi ngakhale mvula itagwa, choncho ndinkakhulupirira kuti pamenepo ndi pakhomo pa Gehena amene abusa ankalalikira.

Mlongo wanga Esinati atayamba chifuwa chobanika, ndinatunga madzi m'chitini.

"Iwe, ukupita nawo kuti?" anafunsa amayi.

"Kukazimitsa Gehena, amayi, kuti Esinati achire."

Sanaseke. Anatiletsa kupondanso kumtaya, ndipo chifuwacho chinatha pang'onopang'ono.

Lero ndikudziwa kuti zinyalala zikamaola zimatulutsa mpweya woyaka. Moto uja sunali wa Mulungu, tinkausonkhezera ndife anthu.