A Sitachi ndi Matewera a Mapasa

Dzina lakuti Sitachi analitengera kuntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito m'chipinda chochapira cha chipatala china, kumbuyo kwenikweni komwe odzazonda matenda safikako, ndipo yunifomu ya namwino ikadutsa m'manja mwawo inkalimba ndi sitachi mpaka kuima yokha ngati muli munthu. Analowa ntchitoyo akadali ndi ndevu zowerengeka, akukankha ngolo ya nsalu zakuda kuchokera m'mawodi. Kenako anawaika pa masinki, kenako pa simbi. Pa simbipo ndi pomwe anamerera imvi.

Anali munthu wamfupi, wa mikono ikuluikulu ndi zala zotuwa ndi sopo. Zolankhulalankhula sankazikonda. Akazi awo, omwe ankagulitsa masamba pamsika, ndiwo ankalankhulira banja lonse. Anabereka ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo pa matewera a ana awiriwo a Sitachi sanachapepo ngakhale limodzi. Ankati munthu wochapa tsiku lonse kuntchito sangafike kunyumba n'kugwiranso sopo, ndipo akazi awo sanatsutse.

Chipatala chitagula makina atsopano, anawapumitsa pamodzi ndi anzawo anayi. Anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yothokoza. Patangotha chaka ndi theka akazi awo anamwalira, atadwala masabata awiri okha. Mwana wawo wamwamuna ankakhala kutali, choncho wamkaziyo, yemwe ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anawatenga kuti azikakhala nawo.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Kuseri kunali kabwalo kopapatiza ka mabanja anayi, mpopi umodzi ndi zingwe zitatu zoyanikira. A Sitachi ankadzuka m'mawa, n'kuchapa malaya awo, n'kusita a dzulo, ndipo ikamakwana naini koloko ntchito ya tsikulo inali itatha. Otsalawo anali maola okhala pampando pakhonde.

Kenako mwana wawo anabereka mapasa, onse aamuna. Mmodzi ankalira mokuwa mpaka anthu a nyumba yachitatu ankadziwa kuti wadzuka, ndipo anamutcha Sayirini. Winayo ankangogona chagada, manja pamimba, kudikira kuti amutumikire. Ameneyo anakhala Bwana.

Poyamba ankawaveka matewera ogula aja ovala kamodzi n'kutaya. Mkamwini, yemwe ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ankabwera ndi paketi yaikulu n'kuganiza kuti wathana nazo, koma pofika tsiku lachinayi inali itatha. Galimoto ya zinyalala inkabwera kamodzi pa sabata. Agalu ankang'amba matumba n'kumwaza zonse pakabwalo paja, ndipo anansi anayamba kulankhula mokweza akamasesa. Pamwamba pa izo, Sayirini anatuluka tizilonda m'mphechepeche.

Tsiku lina m'mawa a Sitachi anaima pakhomo la chipinda cha mwana wawo.

"Paketi yotsatirayo usagule. Ndikufuna ndikagule nsalu."

"Matewera ochapa, bambo? Achape ndani? Ine mwezi wamawa ndikubwerera kuntchito."

"Nanga ine pano ndikuchita chiyani?"

Mwana wawo anawayang'ana kanthawi, kenako anatsegula chikwama.

Kumsika anapita ndi botolo la madzi m'thumba la jekete. M'sitolo yoyamba anawaonetsa matewera osokasoka, okongola, ojambulidwa tiabakha. Iwo anathira madzi pang'ono pakona ya limodzi. Madziwo anagubuduka n'kugwera pansi, nsalu ili youma.

"Agogo, mukundinyowetsera katundu," anatero mayi wogulitsa.

"Sananyowe, mayi. Vuto lake ndi limenelo."

M'sitolo yachitatu anapeza mpukutu wa nsalu ya thaulo, yoyera, ya thonje lenileni, yomwe inamwa madziwo nthawi yomweyo. Anaikanda pakati pa zala, anaiyang'anira kudzuwa, n'kuuza mwini sitolo kuti adule. Telala wa pakhonde la sitolo yomweyo anaidula m'zidutswa makumi awiri ndi zinayi zofanana mbali zonse, n'kupinda m'mphepete kuti zisamasosoke. Anagulanso timakabudula ta pulasitiki tisanu ndi kamodzi, mapini a mitu yotseka ndi ndowa ziwiri za zivundikiro. Kunyumba anang'amba nsalu yakale yoyala pabedi, yofewa ndi ukalamba, n'kupanga tinsalu topyapyala toika m'kati.

Asanaveke mwana anawachapa onse katatu, chifukwa nsalu yatsopano, ankatero iwo, imakhala isanaphunzire kumwa. Apa zonse zinali m'manja mwawo. Chomwe sanaganizire n'chakuti thewera limafunanso kuvekedwa.

Loyamba analipinda mwaluso, makona onse ofanana ngati nsalu ya patebulo, n'kumuveka Bwana. Atamunyamula, theweralo linatsala pamphasa. Lachiwiri linakhala, koma m'miyendo munali mipata yoti n'kulowa dzanja, ndipo Bwana ananyowetsa mpando wa pabalaza osasintha n'komwe nkhope. Mwana wawo nayenso sankadziwa. Anakula akuona matewera pachingwe basi.

M'nyumba ya pakona munkakhala mayi wa ana asanu, wophika zogulitsa pa siteshoni ya basi, yemwe masiku onsewo ankaseka akaona a Sitachi atawerama pampopi. Anapita kukagogoda kwa iyeyo, thewera lili m'manja.

"Mayi, ndabwera kusukulu."

Mayiyo anaseka mpaka anagwira chitseko, kenako anatenga pilo n'kumugoneka patebulo ngati mwana. Anawaonetsa kupinda katatu kuti pakati pakhale pochindikala, kukokera makona m'chiuno, ndi kupinda m'mphepete mwa ntchafu kuti pasatsale njira.

"Pobaya pini, zala ziwiri zikhale m'kati, pakati pa nsalu ndi mimba ya mwana. Ikaphonya ibaye inuyo."

Sabata imeneyo a Sitachi anadzibaya kambirimbiri. Mapasa sanabayidwepo. Pofika Loweruka, mayi wa pakona uja anabwera yekha pachingwe, anagwira thewera limodzi, n'kufunsa kuti amathiramo mankhwala anji kuti aziyera choncho.

"Palibe. Sopo wamtanda, kutsukuluza katatu, ndi dzuwa."

Ndondomeko yawo sinkasintha. Zoipa ankakataya kuchimbudzi nthawi yomweyo. Ndowa imodzi inali ya onyowa chabe, ina ya enawo, ndipo palibe thewera linkagona m'madzi masiku awiri. Madzi otsukuluzira omaliza ankawayang'ana ngati dokotala: kathovu kakangooneka, ankabwerezanso. Ankasintha ana asanalire, n'kuwasiya kanthawi pamphasa opanda kanthu kuti khungu lipume. Tizilonda ta Sayirini tinauma. Kulira kokha ndiko sikunathe.

Mapasa ali ndi miyezi isanu kunabwera amayi ake a mkamwini. Anafika masana n'kupeza a Sitachi atapinda malaya m'mikono, ndowa ili pakati pa miyendo. Anaika chikwama pansi.

"Asewere, mukutichititsa manyazi. Anthu aziti kwathu kulibe akazi."

"Ndowa ndi iyi, asewere," anatero a Sitachi, n'kuwapatsa kampando.

Gogoyo anachapa masiku atatu. Ankathira sopo waufa wodzaza dzanja, n'kutsukuluza kamodzi. Matewera ankanunkhira bwino koma ankauma gwa, ndipo tsiku lachitatu Sayirini anafiiranso. Asewere awo akapita kumsika, a Sitachi ankaanula onse n'kuwatsukuluzanso, n'kuwabwezera pachingwe momwe analili. Tsiku lachinayi gogoyo anabwerera msanga ataiwala kachikwama, n'kuwapezerera. Anaima, anayang'ana thovu lomwe linali m'beseni, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo anatenga ntchito ya kukhitchini, ndipo mpaka tsiku lomwe ananyamuka nkhani ya manyazi sinamvekenso.

Nthawi ya mvula ndiyo inavuta. Matewera makumi awiri ndi anayi kwa ana awiri amakwana dzuwa likamawala, koma kukachita mitambo masiku atatu amachepa. A Sitachi anamanga zingwe pabalaza, kuchokera pazenera kukafika pamsomali wa wotchi, ndipo osauma bwino ankawamaliza ndi simbi. Mkamwini atabwera kuulendo analowa chowerama, n'kufunsa ngati nyumbayo anaigulitsa kwa achipatala. Ulendo wotsatira anabwera ndi nsalu ina yokwana matewera khumi. Inali ya mtundu woterera uja. A Sitachi anathokoza, n'kuisandutsa makatani a kukhitchini.

Madzulo ena m'nyengo yomweyo, mwana wawo akuweruka kuntchito anawapeza akusita, mulu uli kumanzere, wina kumanja. A Sitachi anafunsa osatukula mutu:

"Kodi amako ankachapa nthawi yanji matewera ako?"

"Ndingadziwe bwanji, bambo? Ndinali khanda."

"Mpopi unali kutsidya kwa msewu. Ndipo kumsika sankajomba." Anatembenuza thewera. "Inenso sindikudziwa."

Anapitiriza kusita, ndipo mwana wawo anapita kukayamwitsa.

Bwana anasiya matewera atangokwanitsa zaka ziwiri, tsiku limodzi lokha, ngati munthu wotula udindo. Sayirini anakakamira miyezi ina inayi. Pa makumi awiri ndi anayi aja panatsala khumi ndi asanu ndi anayi. Atatu anatha n'kusanduka zokolopera, limodzi linauluka ndi mphepo, lina linapsa ndi simbi tsiku lomwe Sayirini anagwa pakhonde.

Pofika nthawi imeneyo mbiri yawo inali itayenda mumsewu wonse. Azimayi oyembekezera ankabwera ndi nsalu kuti awaonere asanadule, ndipo iwo ankatulutsa botolo la madzi. Abambo awiri anabweranso, aliyense payekha, aliyense akunena kuti wangodutsa. Mayi wina wosunga ana a anthu apantchito anawapempha kuti aziyang'anira zochapa zake masiku atatu pa sabata. Anavomera, ndipo amapitabe, ngakhale kuti masiku ano zala zimawawawa kukazizira, moti kufinya amasiyira ena.

Matewera otsala aja anapita kwa mkazi wa kalipentala, yemwe analowa m'nyumba yoyandikana nayo ali ndi pakati. Mapasa tsopano ali kusukulu ya mkaka, ndipo agogo awo ndiwo amawaperekeza m'mawa, wina dzanja ili, wina dzanja ili. Mwana wawo wamwamuna uja anaimba foni mwezi watha kunena kuti akazi ake akuyembekezera, n'kufunsa ngati bambo angapite kukakhala kumeneko miyezi ingapo. A Sitachi anafunsa ngati kunyumbako kuli mpopi ndi malo omanga chingwe. Atamva kuti zilipo, anati aganiza kaye.